Laputopu ikuyaka koma sikirini yangoti bii: ndifomate?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Kasungu, ndipo akuti:

"Zikomo bambo. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Santhe. Chaka chatha ndinagula ku Lilongwe laputopu ya HP yogwiritsidwapo kale ntchito, ili ndi Windows 10. Pa holide yapitayi mphwanga yemwe ali ku koleji anandichotsera Windows n'kuikamo Ubuntu, akuti Windows 10 inatha nthawi yake. Ndinali nditayamba kuizolowera. Tsiku lina madzulo inapempha kuti ipange update, ndinavomera, koma ili mkati magetsi anathima, ndipo batire lake ndi lakutha, silisunga moto. M'mawa mwake nditayatsa, chizindikiro cha HP chikubwera, cha Ubuntu chikuonekanso pang'ono, kenako sikirini yangoti bii, kupatula kamzere koyera kamene kakuphethira pakona yakumwamba kumanzere. Fani ikumveka kuzungulira. Muli malikisi a ana a Fomu 3 ndi masikimu a teremu yonse, ndipo sindinasunge kwina. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti yankho n'kufomata basi. Mphwangayo anabwerera kusukulu. Kodi yafa? Ndifomate?"

Aphunzitsi, mtima m'malo. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, laputopu yanu sinafe, ndipo malikisi a anawo ali momwemo. Chimene chingawathetse ndi kufomatako, choncho mnyamatayo mumuuze kuti ayambe wadikira. Sindikumunyoza ayi. Ambiri okonza zinthuzi m'matauni mwathu anaphunzirira pa Windows, ndipo akaona Linux, monga Ubuntu yanuyo, yada chonchi, chida chimene ali nacho m'manja ndi fulashi yofomatira.

Chimene chikundilimbitsa mtima ndi chizindikiro cha HP chija. Ngati chikuoneka bwinobwino, ndiye kuti galasi la sikirini ndi lamoyo, nyali yake yakumbuyo ikuyaka, kachingwe kodutsa pa hinji sikanaduke, ndipo RAM, memore ya makinawo, ikugwira. Zikanakhala kuti mukayatsa sipabwera chilichonse kuyambira pachiyambi, bwenzi tikukamba zina: kuwalitsa tochi ya foni pafupi ndi galasi kuti tione ngati zithunzi zikuoneka mwa chizimezime, zomwe zimasonyeza kuti nyali yokha ndiyo yapsa, kapena kulumikiza laputopuyo ku TV ndi chingwe cha HDMI. Inu zimenezo sizikukukhudzani. Vuto lanu likuyamba mochedwa, pamalo amodzi odziwika bwino.

Kompyuta ikamayaka imadutsa m'masitepe. Poyamba ndi BIOS, kapulogalamu kokhala m'makina momwemo, kamene kamaonetsa chizindikiro cha kampani. Kenako kapulogalamu kotchedwa GRUB kamadzutsa mtima wa Linux, umene amautcha kernel. Kernel ikadzuka imadzutsa disiki, kiyibodi, netiweki ndi zina zonse. Pomalizira penipeni m'pamene pamabwera pulogalamu yoonetsa pamene mumalembapo pasiwedi, pa Ubuntu dzina lake ndi GDM, kenako desktop ya GNOME yokhala ndi zithunzi ndi mawindo. Pa Linux, desktop ndi pulogalamu chabe yokhala pamwamba pa zinazo, ndipo ikhoza kugwa zapansizo zili chiimire. Zili ngati galimoto imene injini ikulira bwinobwino koma nyali zathima usiku: munthu sagwetsa injini chifukwa cha nyali. Kamzere kophethira kaja kakutanthauza kuti kernel yafika, koma yojambula zithunzi yalephera kudzuka. Nthawi zina pamwambapo pamaonekanso mawu onga akuti /dev/sda2: clean, otsatana ndi manambala. Anthu ambiri amayesa kuti vuto ndi limenelo, pomwe mawuwo akungonena kuti disiki yayezedwa ndipo ili bwino. Amatsala pamenepo chifukwa choti ndiwo anali omaliza kulembedwa.

Yesani izi. Sikirini ili yakuda chonchi, gwirani Ctrl ndi Alt pamodzi, n'kudina F3. Pa ma HP ambiri mabatani a F amakhala a voliyumu ndi kuwala, ndiye zikakanika onjezani Fn: Ctrl, Alt, Fn ndi F3. Mukhoza kuyesanso F4 kapena F5. Zikayenda, mudzaona zilembo zoyera pakuda, dzina la kompyuta yanu, ndi mawu akuti login. Lembani dzina lanu lolowera, limene mphwanu anakupangirani, lonse m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo dinani Enter. Ngati simukulikumbuka muimbireni, chifukwa nthawi zambiri limasiyana ndi dzina lathunthu limene munkaliona pa desktop. Ikafunsa pasiwedi, lembani ngakhale sipakuoneka kanthu. Sipabwera nyenyezi kapena timadontho, ndi mmene anaipangira. Apa m'pamene ambiri amabwerera, kuyesa kuti kiyibodi yafa. Mukalowa mudzaona mzere wothera ndi chizindikiro cha $, ndipo pamenepo kompyuta ikudikira kuti muilamule.

Koma tisanakonze chilichonse, malikisiwo atuluke kaye. Ine sindiyamba kukonza makina a munthu mafayilo ake asanasungidwe kwina, ngakhale vuto lioneke laling'ono bwanji. Njira yosavuta kwa munthu woyamba kumene ndi fulashi imene mphwanu anaikira Ubuntu, ngati anaisiya. Ilowetseni, yatsani, dinani Esc kenako F9 kuti musankhe fulashiyo. Pa Dell ndi Lenovo batani lake ndi F12. Ikakufunsani, sankhani Try Ubuntu, osati Install. Pamenepo Ubuntu imayenda kuchokera mu fulashi osakhudza disiki yanu. Tsegulani Files, pezani disiki yamkati, lowani mu home, kenako mu foda ya dzina lanu, ndipo kopelani Documents ndi Desktop mu fulashi ina. Ikadanso ngakhale pa fulashipo, yatsaninso n'kusankha mzere wolembedwa safe graphics pa menyu yoyamba. Ngati fulashiyo anapita nayo, ina iliyonse ya Linux ikhoza kugwira ntchitoyi, kaya ya Linux Mint, ndipo kuidikira masiku angapo n'kwabwino kusiyana n'kutaya ntchito ya teremu.

Mafayilo akatuluka, bwererani pa zilembo zoyera paja. Lamulo loyamba ndi lalifupi:

df -h

Mudzaona timizere tingapo. Yang'anani umene ukuthera ndi chizindikiro cha / chokha, ndipo muone nambala ya peresenti pamenepo. Ikakhala 100%, mwalipeza vuto. Desktop ikamadzuka imafuna kulemba timafayilo ting'onoting'ono, ndipo disiki ikadzaza mpaka pakamwa imalephera n'kungokhala chete. Izi ndimaziona kawirikawiri pa malaputopu a disiki ya SSD yaing'ono ya 128GB imene ana a pakhomo adzazamo mafilimu, kapena pamene Ubuntu inapatsidwa kachigawo kochepa pambali pa Windows. Pezani malo ndi malamulo awa, lililonse palokha:

sudo apt clean

sudo journalctl --vacuum-size=200M

Loyambalo limachotsa mapaketi akale a mapulogalamu amene anatsala atadawunilodedwa, lachiwiri limachepetsa zolemba za kompyuta za masiku apitawo. Onse awiri sakhudza mafayilo anu. Mawu akuti sudo ndi opempha mphamvu za mwini makina, n'chifukwa chake ikufunsaninso pasiwedi. Lamulo lofufutira mafayilo lotchedwa rm mulisiye kaye, chifukwa chimene lafufuta sichipita mu bini, chimapitiratu.

Kwa inu, komabe, ndikukayikira kwambiri update imene inadukira panjira ija. Update ya Ubuntu imayenda pawiri: imayamba yamasula mapaketi atsopano pamwamba pa akale, kenako n'kuwakhazikitsa limodzilimodzi. Magetsi akathima pakati, mumatsala ndi mapulogalamu ena atsopano, ena akale, ena ongomasulidwa osakhazikitsidwa. Ngati pakati pa otsalira theka pali kernel, driver ya zithunzi (kapulogalamu koyendetsa khadi la zithunzi) kapena GNOME yeniyeniyo, zotsatira zake ndi mdima mwauonawu. Ubwino wake, Ubuntu imasunga kaundula wa pamene inalekezera, ndipo mukhoza kuiuza kuti imalizitse.

Mufunika intaneti, ndipo popanda desktop njira yachidule ndi foni. Ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe chake cha chaja, tsegulani data, ndipo mu Settings ya foni, pa Hotspot and tethering, yatsani USB tethering. Ubuntu imaizindikira yokha. Chingwe chikhale chodutsa data, chifukwa zina zotchipa za pamsika zimangotchaja. Mukhale ndi bandulo yokwanira, kaya ya Airtel kaya ya TNM, chifukwa update yaikulu imatha kudya ma MB mazana angapo. Ndipo ulendo uno muonetsetse kuti moto sudzathima: pamalo pali sola ndi invetala, kapena nthawi imene mukudziwa kuti magetsi amakhazikika. Kenako lembani, mwa dongosolo ili, mukudikira lililonse limalize:

sudo dpkg --configure -a

sudo apt update

sudo apt --fix-broken install

sudo apt upgrade

sudo reboot

Samalani mipata ndi timizere tiwiri totsogozana tija, chifukwa Linux siyerekeza zimene mumafuna kulemba. Lamulo loyambalo likayamba kutsitsa mizere yambirimbiri yoyamba ndi Setting up, sekererani, ndiye kuti lapeza ntchito yotsala ndipo likuimaliza. Likhoza kuoneka ngati laima kwa mphindi zingapo, makamaka pa kernel. Musalidule. Likakufunsani Y kapena n, dinani Y. Mwa malaputopu amene amafika kwa ine ndi mbiri ngati yanuyi, ambiri amachira pomwepa. Ikakana, onjezani ili kuti desktop ibwezeretsedwe ngati china chinasowa:

sudo apt install --reinstall ubuntu-desktop gdm3

Tsono tinene kuti Ctrl, Alt ndi F3 sizinayankhe, kapena mwachita zonsezi koma kukadali bii. Apa tipite ku GRUB. Zimitsani pogwira batani loyatsira mpaka ithime, yatsaninso, ndipo chizindikiro cha HP chikangochoka dinani Esc kamodzi. Pa makina akale a BIOS yachikale mumagwira Shift. Nthawi yake ndi yovutirapo: mukafulumira mutsegula menyu ya HP, mukadina kambirimbiri mugwera pa mzere wolembedwa grub>, ndipo zikatero lembani normal n'kudina Enter. Menyu ikabwera sankhani Advanced options for Ubuntu. Mudzaona ma kernel awiri kapena kuposa, aliyense ndi nambala yake. Ubuntu sichotsa msanga kernel yakale ikaika yatsopano, ndendende chifukwa cha tsiku ngati lalero. Sankhani ya nambala yocheperapo, yopanda mawu akuti recovery mode. Desktop ikabwera, mwadziwa kuti yatsopanoyo ndiyo inaikidwa theka, ndipo malamulo aja mukhoza kuwalemba muli pa desktop, mu Terminal, windo yolemberamo malamulo.

Pa menyu yomweyo pali chinyengo china chimene aliyense wa Linux amafika pochidziwa. Mzere wa Ubuntu uli wosankhidwa, dinani e. Pezani mzere woyamba ndi mawu akuti linux, umene chakumapeto kwake kuli quiet splash. Pambuyo pa mawu amenewo siyani mpata n'kulemba nomodeset, kenako dinani F10. Mwaiuza kernel kuti isadzutse driver yeniyeni ya zithunzi, ingogwiritsa ntchito njira wamba imene BIOS yasiya. Musaope kulakwitsa, zimene mwalembazo zimagwira ulendo umodzi wokha. Desktop ikaoneka, mwina zilembo zili zikuluzikulu ndipo makina akuyenda mwaulesi, ndiye kuti vuto lili pa driver. Pa intaneti mudzapeza ambiri akulangiza kuti nomodeset muilembe mpaka kalekale mu fayilo ya GRUB. Ine sindigwirizana nazo. Mumataya kusintha kuwala kwa sikirini, mavidiyo amadukaduka, ndipo projekita ya kusukulu ikhoza kukana kulumikizika. Ntchito ya nomodeset ndi kukulowetsani kuti mukonze.

Kuti mudziwe khadi la zithunzi limene muli nalo, lembani lspci n'kuyang'ana mzere wokhala ndi VGA kapena 3D. Likakhala la Intel kapena AMD, driver yake imabwera kale mkati mwa Linux, palibe choti mudawunilode, ndipo kumalizitsa update kuja kapena kubwerera ku kernel yakale kumakwanira. NVIDIA ndiye mwana wovuta. Driver ya kampaniyo imakhala kunja kwa kernel ndipo iyenera kugwirizana ndi kernel iliyonse yatsopano, ndiye update ikadukira panjira ziwirizi zimasemphana. Njira yotetezeka ndi kuichotsa kaye:

sudo apt purge "nvidia-*"

Mukayatsanso, Ubuntu imabwerera ku driver yaulere yotchedwa nouveau, imene si yothamanga koma pa ntchito ya kalasi imakwana. Mukafuna ya kampaniyo pambuyo pake, lembani sudo ubuntu-drivers install kuti Ubuntu isankhe yokha yoyenera khadi lanu. Musakatenge driver pa webusaiti ya NVIDIA n'kuiika pamanja, chifukwa imeneyo Ubuntu siidziwa ndipo imakonda kusweka kernel ikasintha. Palinso chitetezo cha mu BIOS chotchedwa Secure Boot, chimene chimakana driver yosasainidwa. Ngati poika driver munapemphedwa kupanga pasiwedi, ndipo poyatsanso panabwera sikirini ya buluu yolembedwa Enroll MOK inu n'kungoidutsa, driver ija sidzuka. Ambiri amaidutsa poiyesa vuto. Muyenera kusankha Enroll MOK n'kulemba pasiwedi ija.

Pali kanthu kenanso kamene kamathandiza makina akale. Linux ili ndi njira ziwiri zojambulira zithunzi pa sikirini: yakale yotchedwa X11, imene inatuluka mu 1987, ndi yatsopano yotchedwa Wayland. Ubuntu 22.04 ndi 24.04 zimayamba ndi Wayland pa makina ambiri, koma makhadi ena sagwirizana nayo. Lembani lsb_release -a kuti muone Ubuntu yanu. Ikakhala imodzi mwa ziwirizi, lembani sudo nano /etc/gdm3/custom.conf, pezani mzere wa #WaylandEnable=false, fufutani chizindikiro cha # chokhacho, dinani Ctrl ndi O, Enter, kenako Ctrl ndi X, n'kuyatsanso. Pa Ubuntu 25.10 ndi zotuluka pambuyo pake njirayi musaiyese, chifukwa kumeneko GNOME ya X11 anaichotsa.

Mukamafufuza pa foni mudzakumananso ndi malangizo akuti lembani startx. Ambiri mwa malangizowo ndi akale, a nthawi imene anthu ankadzutsa desktop pamanja. Pa Ubuntu ya lero, lamulo loyenera ndi sudo systemctl restart gdm3. Choipitsitsa ndi sudo startx. Imeneyo imalanda kafayilo kobisika kotchedwa .Xauthority n'kukapereka kwa root, akaunti ya mphamvu zonse pa makinawo, ndipo zikatero mumalemba pasiwedi yolondola, sikirini n'kuda pang'ono, n'kukubwezerani pa pasiwedi pomwepo, mobwerezabwereza. Ngati wina anayesa kale zimenezi pa laputopu yanu, lowani pa zilembo zoyera paja mulembe sudo chown $USER:$USER ~/.Xauthority kuti kafayiloko kabwerere kwa inu.

Kuthima kwa magetsi kumathanso kusiya disiki isanatseke bwino mabuku ake. Zikatero simuona kamzere kokha, mumaona mawu akuti BusyBox ndi mzere woyamba ndi initramfs, ndipo pamwamba pake pamalembedwa kuti muyendetse fsck pa chigawo chakutichakuti. Lembani fsck -y motsatana ndi dzina limene yatchulalo, monga /dev/sda2, ndendende mmene lalembedwera pa sikirini yanu, osati kutengera langali. Ikamaliza lembani reboot.

Zonsezi zikakanika, musangoyesa lamulo lililonse limene mwaliona. Lembani journalctl -b -p err kuti muone zolakwika za ulendo umenewu, jambulani ndi foni moonetsa bwino zilembo, dinani q kuti mutuluke, ndipo chithunzicho mutumizire mphwanu pa WhatsApp. Munthu wodziwa Linux akaona mizere imeneyo sachedwa kuloza vuto, kusiyana n'kungomuuza kuti yada. Mawu amodzi okha ndikufuna muwaope: I/O error. Akamabwerezabwereza, kapena mukamamva disiki ikugogoda mkatimo, lekani kukonza nthawi yomweyo. Disikiyo ikufa, ndipo mphindi iliyonse imene ikuzungulira iyenera kupita pa kukopela mafayilo.

Pitani nayo kwa amisiri mukaona zimenezo, kapenanso chizindikiro cha HP chikasiya kuoneka, pa sikirini pakabwera mizeremizere ya mitundu ngakhale pa BIOS, kanyali ka Caps Lock kakamaphethira kokha mukangoyatsa, kapena ikamathima yokha ikatentha. Amenewo ndi mavuto a zitsulo, ndipo palibe lamulo lolemba limene lingawathetse. Mukafika pa boma pa Kasungu, funsani kaye ngati mmisiriyo anagwirapo Linux, gwirizanani mtengo asanamasule sikuluwu, ndipo muwauze momveka kuti asafomate mafayilo asanakopedwe inu mukuona. Windows siwerenga yokha disiki ya Ubuntu, imene nthawi zambiri imakhala ya mtundu wa ext4. Mmisiri akaichotsa n'kuilumikiza ku kompyuta ya Windows, sadzaonamo kanthu, mwinanso Windows idzamupempha kuti aifomate. Akakuuzani kuti mulibe chilichonse, musavomere msanga.

Mphwanu sanakunamizeni. Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri akale amene tikugula kuno sakwaniritsa zimene Windows 11 imafuna, monga kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndikanangosiyana naye pa chisankho: ngati laputopu yanu ili ndi RAM ya 4GB, GNOME ndi yolemera, ndipo Linux Mint ya desktop ya Xfce kapena Xubuntu ingakuyendereni mopepuka. Zimenezo mudzakambirane akadzabwera pa holide, simuyenera kusintha lero. Chofunika msanga ndi batire. Malinga ngati laputopuyo ikuthima magetsi akangothima, update iliyonse ikhoza kudzakusiyani pomwe mulipa. Pamene mukusakasaka ndalama ya batire lina, ikapempha update madzulo muikanize kaye, mudzaipange pamalo pali sola kapena pamene moto uli wodalirika, ndipo malikisi muziwakopela mu fulashi Lachisanu lililonse musanaweruke.